Tinayamba ndi gasiketi yomwe inadontha

Shedi yathu ndi yaing'ono. Muli lathe (makina osemera zitsulo ndi pulasitiki) imodzi yakale yomwe tinagula kwa mmisiri wina atapuma pantchito, tebulo lodulirapo magasiketi (mphete zoika polumikizira mapaipi kuti pasamadonthe), ndi shelefu yodzaza ndodo zoyera mbee. Mlendo akalowa koyamba amayesa kuti tikugulitsa makandulo. Akanyamula ndodo imodzi ndiye amadabwa: "Iii, pulasitiki yolemera chonchi?" Imeneyo ndi PTFE, yomwe ambiri amaidziwa ndi dzina loti Teflon. Ndiyo ikudyetsa banja langa ndi la mng'ono wanga.

Ndisanayambe zangazanga ndinali fitala pa fakitale ina kuno ku Blantyre, kuchigawo chodutsa asidi wa sulphuric ndi kositiki soda. Amene anagwirako kumalo otero akudziwa. Ovolosi imabooka ngati yadyedwa ndi njenjete. Magasiketi a labala ankafufuma, ena kuuma gwa n'kung'aluka, ndipo mwezi sunkatha tisanamasule paipi yomweyomweyo. Tsiku lina tinaphwasula valavu yakale yochokera kunja. Chitsulo chonse chinali chitadyeka, koma mkati munali kamphete koyera kali bwinobwino, kopanda ngakhale chipsera. Ndinakatsuka pampopi, madzi osakagwira n'komwe, akungogubuduzika ngati patsamba la koko. Ndinakaika m'thumba n'kupita nako kunyumba, ndipo mpaka lero kali mu dirowa ya kuno kushedi.

Nditafufuza ndinapeza kuti kanali ka PTFE, ndipo ndinamvetsa chinsinsi chake. Mkati mwa pulasitikiyi muli unyolo wautali wa carbon, ndipo unyolowo unakutidwa mbali zonse ndi fluorine, ngati chitsononkho chomwe njere zake zathinana osasiya mpata. Awiriwa amagwirana zolimba kwambiri moti asidi amasowa poluma. Mchere, klorini, petulo, kositiki, zonsezi zimangodutsa. Imapirira kutentha mpaka madigiri 260 ikugwirabe ntchito, ndipo imasungunuka cha pa madigiri 327. Imaterera kuposa pafupifupi chinthu china chilichonse cholimba, n'chifukwa chake ngakhale guluu saigwira. Anaitulukira mwangozi mu 1938. Roy Plunkett, katswiri wa kampani ya DuPont ku New Jersey, ankafufuza mpweya woziziritsira mafiriji. Silinda ina itatsegulidwa sinatulutse mpweya, chonsecho pasikelo inkalemerabe ngati yodzaza. Ataicheka pakati anapezamo ufa woyera woterera. Pankhondo yachiwiri ya dziko lonse anaigwiritsa ntchito ku Oak Ridge, ku America, m'mapaipi a mpweya wa uranium womwe umadya pafupifupi chilichonse. Mapani osamatirira mazira aja anabwera pambuyo, m'zaka za m'ma 1950 ku France.

Ndiye ndinati basi, ndapeza mankhwala a mavuto onse. Ndinakambirana ndi mng'ono wanga yemwe amadziwa lathe kuposa ine, tinasonkha ndalama, mayi akunyumba anaonjezerapo za ku banki mkhonde, tinaitanitsa pepala limodzi la PTFE ndi ndodo zitatu kuchokera ku Johannesburg.

Ntchito yathu yoyamba inali kwa bambo ena opanga sopo. Ankafuna gasiketi ya paipi yotuluka m'thanki ya kositiki wotentha. Ndinadula yochindikala, mamilimita 3, ndinaimanga ndekha, ndinawauza kuti aiwale za kudontha. Patatha masiku atatu foni inalira mbandakucha.

"Amisiri, mwatigulitsa chiyani kodi? Bwerani mudzaone pansi pano."

Ndinathamangirako mtima uli m'mwamba. Kositiki anali atachucha, simenti yayera. Nditagwira mabawuti ndinapeza akuzungulira ndi zala, chonsecho ndinawamanga ndekha ndi sipanala yaikulu. Gasiketi ija sinadyeke mpang'ono pomwe. Inali itaphwatalala, m'mphepete mwake mutatuluka kunja kwa flange (milomo yachitsulo yomangirapo mapaipi awiri ndi mabawuti) ngati nsima yopanidwa ndi mbale. Apo m'pamene ndinadziwira chilema cha PTFE: mankhwala siiwaopa, koma ikapanikizidwa imathawa pang'onopang'ono, ndipo siibwerera m'malo ngati labala. Pakatentha ndiye imathawa msanga. Ikaphwatalala mabawuti amakhwefuka, madzi n'kupeza njira.

Ndinawapepesa bambo aja, ndinawakonzera popanda kulipiritsa. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Poti mwabwera osathawa, tiyeni tiyesenso." Mpaka pano amatipatsa ntchito.

Kuchokera tsiku limenelo zinthu timachita mosiyana. Ngati nkhope za flange zili zosalala timadula yopyapyala, mamilimita 1.5, chifukwa yopyapyala ilibe kothawira kwambiri. Mabawuti timamanga modumphadumpha, ili kenako loyang'anana nalo, pang'onopang'ono mpaka kuzungulira katatu. Mawa lake timabwereranso kukamangitsa, ngakhale kasitomala anene kuti zili bwino. Ulendo wachiwiriwu timauwerengera kale pamtengo. Tinaphunziranso kuti pali PTFE yosakaniza ndi zinthu zina kuti isamathawe: ina amaikamo ulusi wa galasi, ina carbon kapena graphite, ina bronze. Koma apa m'pofunika mutu. Chosakanizacho chilibe mphamvu za PTFE. Kositiki wamphamvu wotentha amadya galasi, asidi amadya bronze. Ukasankha molakwika, gasiketi imasanduka ngati chinkhupule, mankhwala n'kumadutsa m'timabowo.

N'chifukwa chake patebulo pathu pali kope lakuda. Munthu asanatchule kukula kwa chinthu chomwe akufuna, timayamba tamufunsa: m'paipimo mukuyenda chiyani, n'champhamvu bwanji, chimatentha kufika pati? Ena amanyansidwa nazo. "Achimwene, ingondidulirani ya Teflon, ndachedwa." Ine ndimakana. Nthawi zina yankho silikhala PTFE n'komwe. Pofunika paipi yolimba yoti iwotchereredwe pali PVDF, m'bale wake wa PTFE, yomwe imachita bwino ndi klorini ndi asidi, koma imalekezera cha m'madigiri 140, ndipo kositiki wamphamvu amaing'alula. Pofunika mphete yofewa yobwerera m'malo pali labala wokutidwa ndi chikopa chopyapyala cha FEP, m'bale winanso wa PTFE. Ndipo kunena zoona, paipi ya madzi wamba siifuna zonsezi. Ndimawauza kuti akagule labala, ndalama zawo zisapite pachabe.

Chomwe chimandiwawa ndi chinyengo. Si pulasitiki yoyera iliyonse yomwe ndi Teflon. Mnyamata wina wokonza mapampu anabwera ndi ndodo yomwe anaigula motchipa, akufuna timupangire mabushi a pampu ya asidi. Nditangoinyamula ndinadziwa. Sindinatsutsane naye. Ndinatunga madzi m'ndowa, ndinaponyamo kachidutswa kathu, kanamira pompo mpaka pansi, chifukwa PTFE imalemera kuposa madzi kawiri ndi kachigawo. Ndinaponyamo ndodo yake, inayandama. Inali polyethylene, pulasitiki wamba. Nayiloni nayo imamira, koma m'manja imapepuka ndi theka, ndipo asidi amainyenya. Mnyamatayo anangogwira pakamwa. Ndowa ija tsopano imakhala pakhomo penipeni.

Kusema PTFE pa lathe n'kosavuta, imadulika ngati sopo, zinyenyeswa zikutuluka ngati maliboni. Chovuta ndi muyezo. Imafutukuka ndi kutentha pafupifupi kakhumi kuposa chitsulo, ndipo cha pa madigiri 19 imasintha kukula mwadzidzidzi. Mu June ndi July, chiperoni chikagwa, m'mawa m'shedi mumazizira kutsika pamenepo. Mphete yomwe wayeza sikisi koloko ili ndendende, pofika masana yakula, ikukana kulowa. Mng'ono wanga ndiye anatulukira zimenezi atataya ndodo yathunthu. Tsopano m'nyengo yozizira ntchito yofuna muyezo wosamala timaichita dzuwa litakwera, ndipo tikasema timaisiya ipume tisanaiyeze komaliza.

Nthawi ya kolera ya 2022 ndi 2023 sitinkagona. Timapampu tothira klorini m'madzi tinkagwira ntchito usana ndi usiku, ndipo timipando ta mavalavu ake tikatha panalibe nthawi yodikira katundu wodutsa pa Beitbridge, Tete ndi Mwanza. Anthu ankabwera ndi kachidutswa kakutha m'thumba la shuga, ife n'kusema katsopano tsiku lomwelo. Kanthu kochepa ngati batani la malaya, koma popanda iko madzi a anthu sathiridwa mankhwala. Pa ntchito zonse zomwe tagwira, imeneyi ndiyo ndimainyadira.

Za ndalama zakunja sindichulutsa, aliyense woitanitsa katundu akudziwa. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, tinasiya kutaya kachidutswa kalikonse. Chapakati pa gasiketi yaikulu chimabala yaing'ono, chapakati pa yaing'onoyo chimabala mawashala.

Lamulo limodzi lokha ndi lomwe sindinyengerera: m'shedi muno fodya ayi. Fumbi la PTFE likamatirira pa ndudu n'kupsa, utsi wake umagwetsa munthu ndi kuphwanya m'thupi ndi kunjenjemera ngati malungo. Mwana wa mlongo wanga, yemwe akuphunzira ntchito kuno, tsiku lake loyamba anasesa zinyenyeswa n'kumapita nazo kudzala ndi machesi m'manja.

"Malume, ndingoziyatsa izi?"

Ndinamulanda machesi aja, n'kumukhazika pansi. Utsi wa PTFE yopsa umapha mbalame ndi nkhuku msanga kwambiri, ndipo kuseri kwa mpanda wathu anthu amaweta nkhuku, ana amasewera pomwepo. Kuzikwirira nakonso si nzeru, chifukwa mphamvu yomwe imaikanitsa asidi ndi yomweyo imaikanitsa kuola. Zinyenyeswazo timazithira m'matumba a feteleza, kumanga kukamwa, n'kusanja pakona pouma. Pano akwana asanu ndi awiri, ndipo amene amasesa, kumanga ndi kuwerenga matumbawo Loweruka lililonse ndi mwana wa mlongo wanga yemwe uja.