Ulusi wonyika pamanja ndi thonje lathu: mmene ndikuyendetsera kabizinesi kanga ku Lilongwe

Anthu ambiri oluka muno mu Lilongwe anazolowera ulusi wa acrylic umene umapezeka m'masitolo a ku Area 2 ndi mumsika waukulu, ndipo palibe chifukwa chowadzudzulira, popeza ulusiwo ndi wotsika mtengo, suvuta kuchapa, komanso ndi umene amayi athu akhala akulukira majuzi a ana asukulu, zipewa za makanda ndi madoyilo oyala pamipando kwa zaka zambiri. Ine ndimagulitsa zosiyana ndi zimenezo. Ndimagulitsa ulusi wa thonje ndi wa ubweya wa nkhosa umene ndimaunyika ndekha mu utoto kuseri kwa nyumba ku Area 25, pamodzi ndi zipangizo zopotera ulusi pamanja. Funso limene limandipeza kawirikawiri pa WhatsApp ndi lakuti, "Mayi, bwanji nkhata imodzi ya ulusi ikudula chonchi pamene ndalama yomweyo ndigula mipira ingapo kutauni?" Funsoli ndi loyenera, ndipo yankho lake limayambira mumphika.

Ulusi wa acrylic ndi pulasitiki, ndipo sulandira utoto umene munthu anganyikire pakhomo, choncho amene akufuna kunyika yekha ayenera kuyamba ndi ulusi wochokera ku chomera kapena ku nyama. Awiriwa safuna njira imodzi. Ubweya wa nkhosa umagwira utoto pamene madzi ali ndi asidi pang'ono, monga viniga, ndipo umafuna kutenthedwa pang'onopang'ono popanda kutakasa, chifukwa ukauwiritsa mwamphamvu kapena kuuchotsa m'madzi otentha n'kuuponya m'madzi ozizira, umagwirana n'kukhala chimtanda chosatheka kumasula. Thonje lilibe mantha ndi moto, koma limafuna kuyamba laphikidwa ndi sopo ndi soda ash, amene ndi soda wochapira, kuti mafuta ake achilengedwe achoke. Madzi oyambawo amatuluka ofiirira, ndipo amene wadumpha ntchito imeneyi amapeza ulusi wamathothomathotho ngakhale utoto wake utakhala wabwino chotani. Pambuyo pake thonje limanyikidwa mu utoto wa mtundu wa fibre reactive, umene umagwira mothandizidwa ndi mchere ndi soda ash yemweyo, kenako pamabwera kutsukuluza kumene kumatha madzi ambiri, kufikira madziwo atatuluka oyera mbee. Nkhata iliyonse ndimaiyeza pasikelo kuti ikwane magalamu 100, ndimaimanga m'malo angapo kuti isasokonekere mumphika, ndipo ndimaiyanika pamthunzi, chifukwa dzuwa la mu Okutobala limasulutsa mtundu ulusi usanafike n'komwe kwa mwini wake.

Utoto wochokera ku zomera ndi umene ndimaukonda kwambiri, ngakhale kuti ndi umene umadya nthawi. Makoko a anyezi, amene amayi ogulitsa ndiwo pamsika amandisungira m'thumba m'malo mowataya, amapereka mtundu wachikasu wopita ku lalanje. Nthanga ndi makoko a mapeyala zimapereka mtundu wofiirira mopepuka, umene anthu oluka zovala za makanda amaufuna kwambiri. Masamba a bulugamu nawo amagwira bwino pa ubweya. Koma kuti mitundu yambiri ya zomera ikhalitse, ulusi uyenera kuyamba wanyikidwa mu alum, mankhwala othandiza kuti utoto ugwire, ndipo thonje limafunanso kunyikidwa m'madzi a makungwa kapena masamba okhala ndi tannin, mankhwala achilengedwe othandiza kuti alum igwire pa thonje, lisanalowe mu alumyo. Ngakhale madzi ali ndi mbali yake: madzi a pamjigo akakhala ndi chitsulo amadetsa mitundu yowala, moti chikasu chimatembenukira ku mtundu wobiriwira wakuda. Chikasu cha turmeric, ufa wokometsera ndiwo, sindigulitsa konse, chifukwa chimakongola tsiku loyamba koma chimasuluka msanga padzuwa, ndipo sindingakonde kuti munthu aluke juzi mwezi wathunthu kenako aione ikuyera asanaivale mokwanira. Pophika ndimagwiritsa ntchito gasi, ngakhale kuti amadula, pakuti makala amene amalowa mumzinda uno ndi amene akumaliza nkhalango ya Dzalanyama, kumene kumachokera mtsinje wa Lilongwe umene madzi ake ndimatsukuluzira ulusi womwewo.

Chimene chimakweza mtengo kuposa zonsezi ndi ndalama zakunja. Nkhosa zathu za kuno zili ndi ubweya waufupi ndi wokhakhala umene supoteka, choncho ubweya wa nkhosa za mtundu wa merino ndimaitanitsa ku South Africa, ndipo utoto wa m'mabotolo nawonso umachokera kunja. Kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa katundu yense woitanitsa unalumpha, ndipo kusowa kwa ndalama zakunja m'mabanki kunachititsa kuti ngakhale wokhala ndi makwacha m'manja adikire nthawi yaitali asanalipire katundu. Wamalonda wamng'ono amene amaika mtengo poyang'ana ndalama zimene anaguliramo katundu wakale amatha kugulitsa zonse mokondwa, koma popita kukaoda amapeza kuti mpamba wake sukukwaniranso theka la katundu yemweyo. N'chifukwa chake mtengo wanga ndimauwerengera pa ndalama zimene ndidzafunike poitanitsa katundu wotsatira, ndipo makasitomala ndimawafotokozera zimenezi mosabisa.

Apa ndi pamene maganizo anga anakhazikika pa thonje. Dziko lino limalima thonje ku Chikwawa, Nsanje, Balaka, Salima ndi Karonga, ndipo luso lopota ulusi si lachilendo kwa ife. Pamene David Livingstone ankayenda m'chigwa cha Shire mu 1859, anapeza Amang'anja akulima thonje, kulipota ndi kuwomba nsalu m'midzi mwawo. Nsalu zochokera kunja zinafooketsa luso limeneli, ndipo masiku ano, pamene ambiri timavala za pakaunjika, thonje lathu lochuluka limatuluka m'dziko lisanapotedwe, kupatula limene limapita kufakitale monga ya Mapeto David Whitehead ku Blantyre. Zimandipweteka mtima kuti mayi wa ku Salima, amene munda wa thonje uli kuseri kwa nyumba yake, amakwera minibasi kukagula ulusi wa pulasitiki wochokera kutsidya kwa nyanja kuti alukire mdzukulu wake kachipewa.

Zipangizo zopotera zimene ndimagulitsa si zodabwitsa. Chachikulu ndi kamtengo kosongoka kokhala ndi kagudumu kolemera pang'ono kumunsi, kamene mmisiri wa matabwa wa kuno amandisemera. Thonje lili ndi timaulusi tatifupi poyerekeza ndi ubweya wa nkhosa, motero limafuna kupotedwa kwambiri kuti ligwirane, ndipo chopotera cholemera chimene chimalendewera m'malere chimadula ulusi wake. Pa chifukwa chimenechi chopotera thonje chimakhala chopepuka, ndipo nsonga yake imazungulira m'kambale kakang'ono kamene wopota amakaika pansi kapena pamwendo. Dzanja lamanja limazunguza kamtengoko, lamanzere limakoka thonje pang'onopang'ono, ndipo ulusi umatuluka pakati pa zala wopyapyala ngati wa kangaude. Ndimagulitsanso maburashi awiriawiri opesera thonje kuti likhale lofewa lisanapotedwe, pamodzi ndi thonje lochotsa kale njere, limene ndimagula kwa opuntha thonje popeza kugula kwa alimi kumafuna chilolezo cha Cotton Council of Malawi. Phindu la zinthu zimenezi ndi lochepa, ndipo zimayenda mochedwa kuposa ulusi wonyika kale. Komabe ndimazisunga, ndipo aliyense wogula chopotera ndimakhala naye pansi Loweruka masana kufikira atatulutsa ulusi wake woyamba, chifukwa wopita nacho kunyumba asanadziwe kachitidwe kake amangochiponya m'kabati.

Malonda ambiri amachitika pafoni. Ndimajambula nkhata panja m'mawa kuti mtundu uoneke mmene ulili, ndimaika zithunzi pa Facebook ndi pa WhatsApp, ogula amalipira pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, ndipo katundu amapita pakabaza ngati ndi mumzinda momwemuno, kapena pabasi ngati ndi wa ku Mzuzu ndi ku Blantyre. Ubweya umayenda kwambiri kuyambira mu Epulo, pamene anthu akukonzekera chisanu cha mu Juni ndi Julaye, pamene thonje limagulidwa chaka chonse chifukwa silitentha m'thupi. Ubweya wotsala ndimautsekera m'zigubu zomata bwino poopa njenjete, zimene zimadya ubweya koma ulusi wa acrylic sizikhudza.

Pali chinthu chimodzi chimene ndimabwereza kwa wogula aliyense asanatumize ndalama. Miphika iwiri situlutsa mtundu wofanana ndendende, ngakhale muyezo wa utoto utakhala umodzi, choncho amene akuluka juzi ayenera kugula nkhata zokwanira kuchokera mumphika umodzi, ndipo ine ndimalemba nambala ya mphikawo pakapepala komangirira pa nkhata iliyonse. Kumbuyo kwa kapepalako ndimalembapo kachapidwe: madzi ozizira, sopo wofewa, osafinya mopotokola, ndi kuyanika chogoneka pamthunzi. Wina akandiuza kuti ndalama zake zikukwana nkhata ziwiri zokha pamene juzi yake ikufuna zisanu, ndimamusungira zitatu zotsalazo mpaka kumapeto kwa mwezi.