Makina Osokera a 1:12

Pakati pa anthu amene amagulitsa kachewere pa mphambano ya ku Bembeke, m'mbali mwa msewu wa M1, pali ena amene mpaka lero akandiona ndikutsika minibasi amayang'ana pamkono ngati avala wotchi, n'kumafunsana mokweza ngati nthawi yakwana 1:12. Ine ndimangodutsa mwaulemu ngati sindinamve. Komabe popeza nkhaniyi yadutsa m'kamwa mwa anthu ambiri, ndipo aliyense amathirapo mchere wake, ndaona kuti ndi bwino ndiifotokoze ndekha monga mwini tsokalo.

Mayi a kunyumba kwanga anaphunzira kusoka ali mtsikana, ndipo kwa zaka zambiri ankalakalaka makina awoawo, opalasa ndi phazi aja, kuti azisoka yunifolomu za ana a sukulu ndi madiresi a zitenje m'malo momapereka ndalama kwa atelala a pakhonde. M'chaka cha 2023 kachewere anatichitira bwino m'dimba, ndipo titagulitsa matumba angapo, ndalama yogulira makina inapezeka. Iwo ankafuna kuti tipite ku Lilongwe tikaone makinawo ndi maso. Ine ndinawauza kuti kuyendayenda m'masitolo ndi kwachikale, chifukwa dziko linasamukira pa intaneti. Ndinalankhula mawu amenewa ndi ulamuliro wa munthu amene anali atagwira foni ya intaneti kwa miyezi isanu yokha.

Amene anandionetsa njira ndi mphwanga, mwana wa mlongo wanga, yemwe amagwira ntchito ku Lilongwe ndipo ali ndi khadi la kubanki lotha kulipirira katundu wa kunja. Atabwera kumudzi ku chinkhoswe kumapeto kwa Seputembala, anandionetsa msika wa eBay, umene anati unayamba mu 1995 ku California, ndipo anandifotokozera kuti zinthu zina kumeneko zimagulitsidwa pa okushoni. Mawu oti okushoni sanandiopse, chifukwa ndinagulitsapo fodya ku Kanengo ndipo ndimadziwa mmene ogula amayendera pakati pa mabelo akukweza mitengo ndi zala. Iye anandichenjeza kuti okushoni iyi ndi yosiyana. Munthu umalemba mtengo wotsiriza umene ungakwanitse, ndipo kompyuta imakukwezera yokha pang'onopang'ono nthawi iliyonse wina akakupitirira, mpaka ifike pamalire amene unaika. Anatsegula akaunti yake pafoni yanga, ndipo asanakwere minibasi ananena kuti, "Malume, musagule kanthu musanawerenge mawu onse apansi pa chithunzi, ndipo muyambe mwaona ndemanga zimene ogula ena analemba zokhudza wogulitsayo. Mukapeza chokukomerani, mundiimbire kaye." Ndinavomera ndi mutu, koma mumtima ndinati mwana amene ndinamuphunzitsa kukwera njinga sangandiphunzitse kugula.

Makinawo ndinawapeza usiku wachitatu. Anali akuda bii, okhala ndi maluwa agolide pathupi pake, atakhazikika pa tebulo la matabwa lonyezimira, ndipo pansi pake panali chopondera chachitsulo cholukidwa mokongola ngati cha makina a Singer amene agogo athu ankawalemekeza. Wogulitsa anali mayi wina wa ku America, mtengo unali utangofika pa madola 9, ndipo kutumiza mpaka ku Malawi anati ndi madola 17. Munthu wanzeru akanaima pamenepo n'kudzifunsa kuti chitsulo cholemera ngati thumba la chimanga chingawoloke bwanji nyanja ndi madola 17. Ine ndinangoganiza kuti ku America zinthu ndi zotchipa. Ndemanga za ogula ndinaziona ndithu, ndipo zonse zinali zoyamikira. Mawu apansi pa chithunzi nawonso ndinawawerenga, koma mowerenga ngati mmene munthu amawerengera chikwangwani ali m'basi yothamanga. Panali liwu lakuti miniature, limene ndinaliyesa dzina la mtundu wa makinawo, ndipo pambali pake panali manambala akuti 1:12, amene ndinatsimikiza mumtima kuti ndi nthawi yotsekera okushoni.

Mphwanga ndinamuimbira, osati kuti andilangize koma kuti ndimudziwitse. Iye anali pantchito ndipo anangoti ndiike malire pa madola 30 kenako ndikagone. Ndinaika madola 30, koma sindinagone. Panatulukira munthu wina wosadziwika amene ankandipitirira ndi dola imodzi nthawi iliyonse, ndipo posakhalitsa nkhani inasiya kukhala ya makina n'kukhala ya ulemu wanga monga mwamuna wa ku Dedza. Ndinakweza malire kufika pa 35, kenako pa 40, mpaka pa 45. Usiku wotsatira ndinatchera alamu, ndipo 1:12 itayandikira ndinatuluka panja ndi bulangeti kukaima pachulu cha kuseri kwa khola, pamene netiweki imagwira bwino. Nthawi inakwana ndi kupitirira, koma okushoni sinatseke. Ndinawerengera kuti mwina ndi nthawi ya ku California, kumene m'miyezi imeneyo amakhala kumbuyo kwathu ndi maola 9, koma nayonso inadutsa popanda kanthu. Okushoni inadzatseka tsiku lina cha m'ma 8 koloko madzulo, monga mmene kawotchi kowerengera masiku pamwamba pa chithunzi kankanenera nthawi yonseyi, ndipo ine ndinangoti azungu nawonso sasunga nthawi. Ndinapambana ndi madola 45. Kuphatikiza ndi zotumizira anakhala madola 62, ndipo popeza dola inali pa K1,180, ndinatumizira mphwanga K73,160 pa Airtel Money ndi kam'dyo pamwamba.

Masabata odikira aja ndi amene anandiwononga kwambiri, chifukwa sindinasunge pakamwa. Kutchalitchi anthu anadziwa, ku mphambano anadziwa, ndipo amayi anzawo a mayi a kunyumba anayamba kubweretsa zitenje kuti akhale oyambirira pamzere. Ndinalemba kalipentala kuti akulitse khonde ndi kuikapo benchi la makasitomala. Ndinafika mpaka pouza telala wa pa sitolo ya pafupi kuti ayambe kuganizira za ntchito ina, mawu amene ndikawakumbukira lero ndimamva kutentha m'makutu.

Uthenga woti katundu wafika ku positi ofesi ya pa boma unabwera chakumayambiriro kwa Novembala. Ndinachita hayala pikapu ya munthu wina amene amanyamula kachewere, ndipo ndinatenga anyamata anayi amphamvu, zingwe, ndi matiresi akale oti makina asagundike pa mabampu. Tinafika pa Dedza m'mawa, phiri lija likuoneka bwinobwino lopanda nkhungu, ndipo ndinalamula dalaivala kuti aimike galimoto chafutambuyo pafupi ndi khomo kuti ntchito yokweza isavute. Kalaliki anatenga kapepala kanga, nalowa mkati, nabwerako ndi kabokosi kamene kakanakwana m'thumba la jekete. Ndinamuuza mwaulemu kuti zimenezo mwina ndi singano ndi mafuta, ndipo kuti atitsegulire chitseko cha kumbali titulutse katundu weniweni. Iye anayang'ana m'buku lake, kenako anayang'ana anyamata anayi amene anali atapinda kale malaya, n'kunena kuti, "Bambo, pa dzina lanu pali kameneka basi."

Ndinatsegula pomwepo, ndipo kumeneko kunali kulakwa kwanga kwina, chifukwa zinthu zina zimafunika kutsegulira kuchipinda. M'kati mwa thonje munali makina aja ndithu, akuda, a maluwa agolide, ndi tebulo lake ndi chopondera chake, zonse monga zinalili pachithunzi, kungoti ndinawanyamula ndi zala ziwiri. Panakhala bata lalitali. Kenako mmodzi mwa anyamata aja anafunsa mwaulemu wonse kuti, "Madala, tinyamule tonse anayi kapena tizisinthana?" Dalaivala anaseka mpaka anakhala pansi pa masitepe. Pobwerera ndinakhala kutsogolo kabokosi kali pamiyendo, matiresi ndi zingwe zikuuluka kumbuyo, ndipo titafika pa mphambano nkhani inali itafika kale, chifukwa anyamata a masiku ano sanyamula katundu asanamujambule.

Mayi a kunyumba anali pakhonde latsopano pamodzi ndi anzawo atatu. Analandira kamakinako ndi manja awiri monga mwa mwambo, anakatembenuza uku ndi uku, ndipo anafunsa mofatsa kuti, "Abambo, kodi kameneka kazikula tikamakathirira?" Sanakalipe ngakhale pang'ono, ndipo ndikanakonda akanakalipa.

Madzulo ake ndinaimbira mphwanga n'kumuuza kuti tabedwa. Iye atawerenga zimene wogulitsa analemba, anandifotokozera, akulimbana ndi phwete, kuti liwu lija limatanthauza kanthu kochepetsedwa, ndipo kuti 1:12 ndi muyeso wa tinyumba ta zidole, pamene inchi imodzi imaimira futi imodzi, kotero kuti chinthu chilichonse chimachepa ka 12. Munthu amene ndinkalimbana naye usiku uja ayenera kuti anali wosonkhanitsa zidole, ndipo iye ankadziwa chimene ankagula. Anandikumbutsanso kuti safunsa anadya phula, mwambi umene sumveka bwino ukachokera kwa mphwako. Pa nkhani yobweza ndalama, anati lamulo la msikawo limateteza wogula ngati katundu sanafike, kapena wafika wosiyana ndi zimene zinalembedwa, kapenanso wowonongeka, ndipo dandaulo liyenera kuperekedwa pasanathe masiku 30 chilandirire katunduyo. Koma kusawerenga kwa wogula si mlandu wa wogulitsa. Mayiyo analemba zoona zokhazokha, ndipo tikanafuna kubweza chifukwa chongosintha maganizo, zikanadalira ngati iye amalola zobwezedwa, komanso positi yake ikanakhala yathu.

Tili pafoni pomwepo, mayi a kunyumba, amene anali akuunika kamakinako ndi tochi, ananena kuti gudumu lake ndi lothyoka. Zinalidi choncho. Kagudumu kapambali kanali katadukira m'thonje muja, ndipo tonse tinali tisanazindikire chifukwa cha kukula kwa manyazi. Kuti wina asaganize kuti ndinakathyola ndine, ndinene kuti zithunzi zimene anyamata aja anajambula pa positi ofesi zinkaonetsa bwino lomwe kagudumuko kali pakokha m'bokosi. Motero anyamata amene ndinawalipira kuti anyamule chitsulo anagwira ntchito yaumboni, ndipo ndi ntchito yokhayo imene anagwira tsikulo. Mphwanga anati tsopano tili ndi mlandu weniweni. Anandiuza kuti ndijambule bokosi, pepala la adiresi ndi gudumu lothyokalo pamalo owala, ndipo iye analemba dandaulo kudzera pa akaunti yomweyo, mwachidule ndi mopanda chipongwe, ngakhale ine ndinali nditakonza ndime zitatu zofotokoza za khonde ndi pikapu. Anati wogulitsa ali ndi masiku atatu a ntchito oti ayankhe, ndipo akapanda kutero tikhoza kupempha eni msika kuti alowererepo. Anandiletsanso kukhudza batani lotsekera dandaulo ndalama isanalowe, chifukwa dandaulo likatsekedwa silitsegulidwanso.

M'masiku omwewo ndinatsala pang'ono kugwa m'dzenje lachiwiri. Mnyamata wina wa pa mphambano anandilumikiza pa WhatsApp ndi munthu amene ankati ali ku Johannesburg ndipo ali ndi makina enieni, aakulu, pa theka la mtengo, bola nditumize ndalama mwachindunji tsiku lomwelo chifukwa ogula ena akudikira. Chithunzi chake chinali chokongola kuposa choyamba chija. Mphwanga anangondifunsa kuti, ndalamayo ikapita ndipo makina osabwera, ndikadandaula kwa yani, popeza chitetezo chonse chimagwira ntchito pokhapokha malonda ndi malipiro zachitikira mkati mwa msikawo. Ndinapempha munthuyo kuti ajambule makinawo iye ataima pambali pake atagwira nyuzipepala ya tsikulo, ndipo kuyambira pamenepo foni yake sinapezekenso.

Mayi wa ku America uja anayankha tsiku lachiwiri, ndipo anali munthu waulemu kwambiri. Anapepesa za gudumulo, ndipo ataona kuti kulipira positi yochokera ku Malawi kungamudyere ndalama yambiri pa kanthu kothyoka kale, anasankha kubweza madola onse 62 n'kutisiyira kamakinako. Anawonjezera kuti akukhulupirira kuti tinyumba tanga ta zidole tikongola tikadzamata gudumulo. Sindinafune kumufotokozera zambiri.

Chimene palibe anachiyembekezera n'chakuti pa 9 Novembala, dandaulo lathu lili m'njira, kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo dola inachoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Ndalama itabwerera pa khadi la mphwanga, banki inaisintha pa mtengo watsopano, ndipo madola 62 omwe aja anasanduka K105,400. Ndinayenda pabwalo ndi foni m'manja ndikulengeza kuti ndapindula K32,240 pa malonda a kunja, ndipo kuti mwina ndi ine ndekha m'boma lonse la Dedza amene ndinasangalala ndi nkhani ya kwachayo. Mayi a kunyumba anatenga pensulo n'kuchotsera hayala ya pikapu, malipiro a anyamata anayi, matabwa a khonde ndi mabandulo a usiku, ndipo phindu langa linathera pa mzere wachitatu. Ndalama yotsalayo anailandira yonse pafoni yawo.

Sabata yotsatira anakwera minibasi okha kupita ku Lilongwe, kumene anapeza kuti mitengo ya makina nayo yakwera pamodzi ndi dola, moti tinachita kugulitsa mbuzi imodzi kuti ndalama ikwane. Ndinamva kuti asanalipire anakhala pampando, napalasa, nasoka mpendero wa chitenje chawo wogulitsa akuonerera. Kamakina kaja anamata gudumu lake ndi guluu n'kukaika pamwamba pa makina aakuluwo, ndipo kasitomala aliyense watsopano akafunsa za iko, amandiitana kuchokera kudimba kuti ndidzafotokoze ndekha.