Mbiri ya moyo wanga, gawo 8: Shunt ya mwana ndi zoti tiziyang'anira

M'gawo lapitali tinalekezera pa tsiku la opaleshoni. Lero ndifotokoze kaye za shunt, chubu chimene amaika pa opaleshoniyo kuti chizichotsa madzi odzadza m'mutu mwa mwana, chifukwa amayi anzanga ambiri kuno ku Joni amatuluka m'chipatala akuganiza kuti matenda atha, pamene chisamaliro chake n'cha moyo wonse.

Ubongo umapanga madzi osalekeza, kwa wamkulu pafupifupi 500 ml patsiku. Njira yake ikatsekeka, madziwo amadzadza m'mutu. Shunt ili ndi zigawo zitatu: kachubu kolowa mu ubongo, valavu yolamulira kuchuluka kwa madzi otuluka, imene mumaimva ngati kachotupa kuseri kwa khutu, ndi chubu chachitali chodutsa pansi pa khungu mpaka m'mimba, kumene thupi limayamwa madziwo. Madokotala amasiya china chotsalira m'mimbamo kuti mwana akamatalika chisaperewere. Valavuyo musamaidinedine.

Vuto lofala ndi kutsekeka, makamaka kumtunda, kumene minofu yopanga madziwo imalowa m'timabowo ta kachubu. Ikatsekeka, khanda liwombo limatupa ngakhale silikulira, maso amayang'ana pansi, limasanza, limakana bere. Wamkulupo amadandaula mutu, makamaka m'mawa. Chimene chimandiopsa kwambiri ndi tulo: mwana akamavuta kudzutsa, musadikire kukacha, musayambe mwamupatsa Panado n'kumaonera. Thamangirani ku chipatala chokhala ndi madokotala a ubongo, monga Chris Hani Baragwanath kapena Charlotte Maxeke, ndipo mukangofika nenani kuti ali ndi shunt.

Tizilombo timavuta kwambiri m'miyezi 6 yoyamba, nthawi zambiri ta pakhungu tolowa pa opaleshoni. Thupi limatentha, mzere wa chubu umafiira, mimba imawawa. Mapiritsi okha sathandiza, poti tizilomboto timamatirira pa chubu. Amachotsa shunt, n'kuika chubu chotulutsira madzi kunja kwa kanthawi, mankhwala kudzera m'dripu, kenako yatsopano.

Mutu ukamawawa poimirira n'kuleka pogona, mwina madzi akutuluka mopitirira. Kudzimbidwa nakonso kumachedwetsa madzi m'mimba. Valavu zina zimasuntha ndi maginito a MRI (makina ojambula m'kati mwa thupi), ndiye funsani mtundu wake, aziionanso akamaliza kujambula.

Amene mukupita kumudzi mu December, tengani kalata ya opaleshoni, dzina la valavu, kabuku ka kusikelo ka Road to Health kolembedwa muyeso wa mutu, ndi sikani imene anajambula mwana ali bwino. Dokotala wa ku Queens ku Blantyre adzayerekeza sikani yatsopano ndi imeneyo kuti adziwe ngati madzi achuluka.