Chomata pa buku la Boetti

Chiyambireni pamene akuluakulu a laibulale yathu ya zaluso kuno ku Ulaya anachepetsa antchito, mabuku onse obwera kumene amayamba apita ku kampani ina kuti ikawalembe m'kaundula, ife osamalira mabuku osowa tisanawakhudze. Tinachenjeza kuti tsiku lina zidzavuta, ndipo zavuta sabata ino. Lolemba ndi Lachiwiri zinali zamasiku onse: kuyeza chinyezi m'chipinda chosungira, kudula makatoni ndi kusoka makatalogi othothoka.

Lachitatu bokosi litabwerako ku kampaniko, ndinapezamo buku la Alighiero Boetti, katswiri wa zaluso wa ku Italy, limene munthu wina wakufuna kwabwino anatipatsa, lija la mu 1977 lotchedwa Classifying the Thousand Longest Rivers in the World (kusanja mitsinje 1,000 yaitali kwambiri pa dziko lonse), limene analikonza pamodzi ndi mkazi wake Anne-Marie Sauzeau, ndipo anasindikiza makope 500. Pachikuto chofiira chansalu anamatapo chomata cha barcode (timizere towerengedwa ndi makina), m'mphepete mwa masamba anadindamo chidindo cha inki, ndipo m'kaundula analiika m'gulu la mabuku a jogalafe, oti aliyense abwereke n'kupita nawo kunyumba. Mtima unandiwawa kwambiri moti ndinayamba ndakhala pansi.

Amene anamatayo sindikumuimba mlandu, chifukwa kwa munthu wothamangitsidwa ndi ntchito, ili ndi buku la mitsinje basi: tsamba lililonse mtsinje umodzi, kumene ukuchokera, kumene ukuthira ndi kutalika kwake, Zambezi wathunso alimo. Koma awiriwa anatha zaka akulemberana makalata ndi akatswiri a mapu, ndipo anapeza kuti manambala sagwirizana, pakuti mtsinje umasuntha, umasintha dzina ukadutsa malire, ndiponso anthu amatsutsana za gwero lake lenileni. Luso la bukuli lagona pa kusanja mwakhama chinthu chimene chimakana kusanjidwa.

Nditakadandaula, abwana anandiyankha kuti Boetti nayenso ankapatsa ena ntchito yake. N'zoona. Munthuyu, amene anabadwira ku Turin mu 1940 n'kuyamba kudziwika m'gulu la aluso a ku Italy lotchedwa Arte Povera, anafika ku Kabul mu 1971, natsegula hotela yotchedwa One Hotel, ndipo mapu ake otchuka a dziko lonse, okhala ndi mbendera ya dziko lililonse m'malire ake, anapetedwa ndi amayi a ku Afghanistan. Asilikali a Soviet Union atalowa m'dzikomo mu 1979, ntchitoyo inadzapitirira ku Peshawar, m'dziko la Pakistan, pakati pa othawa nkhondo, mpaka pamene Boetti anamwalira ku Rome mu 1994. Komatu iye ankapita kumeneko mobwerezabwereza, ndipo opetawo akasankha ulusi wapinki kapena wachikasu pa nyanja, ankaulandira monga gawo la lusolo. Ife timatumiza mabokosi kwa anthu amene sitinawaonepo, osawauza n'komwe chimene chili m'manja mwawo.

Kumapeto kwa sabata konse ndinali pa chomatacho, ndikufewetsa guluu pang'onopang'ono ndi kutukula pepalalo ndi kampeni kopyapyala kuti ulusi wa nsalu usazuke. Chachoka bwino, ndipo ndikunyadira, ngakhale kuti patsala kachipsera kooneka mukapendeketsa bukulo powala. Chidindo chija sichingachoke popanda kuwononga masamba.

Ndalemba lipoti lopempha kuti mphatso zonse zizidutsa kaye pa tebulo lathu. Andiyankha kuti nkhaniyi adzaiona m'bajeti ya chaka chamawa, ndipo bokosi lina likunyamuka Lolemba likubwerali.