Chala changa pa nsalu yoyera

Lachitatu tinali ndi practical ya magulu a magazi ndipo mpaka lero ikundizungulirabe mmutu. Kunja kunali chifunga chija cha kuno ku Mzuzu, zala zitachita kuuma ndi kuzizira moti alekichala anati tiyambe tatikita manja kaye kuti magazi atuluke bwino. Kenako kubaya chala, timadontho titatu pa kagalasi, nkuthira mankhwala oyezera gulu la magazi, dontho lililonse ake: anti-A wabuluu, anti-B wachikasu ndi anti-D. Dontho langa loyamba linagwirana timibulu ngati chambiko, lachiwiri linangoti zii, lachitatu linagwirananso. A positive basi, poti kugwirana ndi anti-A ndiye gulu A ndipo kugwirana ndi anti-D ndiye positive.

Magulu a A, B ndi O anawatulukira dokotala Karl Landsteiner ku Vienna m'dziko la Austria mu 1901, ndiye chifukwa chake tsiku la opereka magazi limakhala pa 14 June, tsiku lomwe iye anabadwa.

Koma chomwe chandigwira mtima ndi zomwe tinapanga titaweruka. Mnzathu wina amene amakonda zojambula anatiuza za Marc Quinn wa ku London yemwe mu 1991 anaumba mutu wake ndi magazi ake enieni owumitsa mu fuliji, nde anabweretsa nsalu yoyera ndi penti yofiira (magazi enieni ayi, matenda) kuti aliyense adinde chala pa ngodya ya gulu lake. Pa ngodya ya A tinapezeka ine wa ku Dedza, mtsikana wa ku Karonga ndi mnyamata wa ku Nsanje, anthu oti ngakhale moni weniweni sitinkapatsana, pomwe msuweni wanga amene tinakulira nyumba imodzi ndipo kwathu amati ndife magazi amodzi anakadinda ku B, kutanthauza kuti nditadwala lero iyeyo sangandipatse magazi ake koma wa ku Nsanjeyo angathe.

Titayanika nsaluyo panja amayi ena ogulitsa nthochi anaima patali nkufunsa kuti ana inu zimenezi si za anamapopa? Sitinawaseke, tonse tikukumbuka anthu omwe anaphedwa mu 2017 ku Mulanje ndi madera ena chifukwa cha mphekesera zomwezo. Tinawafotokozera bwinobwino mpaka anayandikira nkutiuza kuti pobereka mwana wawo wachitatu anataya magazi ambiri nkuwaika a munthu amene sakumudziwa mpaka lero. Gulu lawo analiiwala nde anadinda pakatikati pa nsalu.

Loweruka tagwirizana anthu 6 kupita ku MBTS, bungwe lotolera magazi kuno ku Malawi, kukapereka, amangotenga 450 ml basi. Msuweni wanga akuti singano amaiopa koma abwera.