Usiku wa goloboyi ku Saint Paul

Loweruka, 13 Epulo 2024

Denver yatenga chikho cha Frozen Four, mpikisano waukulu wa ice hockey wa mayunivesite a kuno ku America. Yagonjetsa Boston College 2-0 m'bwalo la Xcel Energy Center, ine ndikuonera ndi maso angawa. Mawu andithera ndi kukuwa, koma ndilembe zisanazizire.

Ndinanyamuka ku Minneapolis masana pa sitima ya Green Line pamodzi ndi mnzanga wa kuntchito, yemwe anandiphunzitsa kukonda masewerawa. Timu yathu, Minnesota, inatulutsidwa kale ndi Boston University mwezi wathawu, komabe jezi zathu tinavala. Sitinali tokha. Mumsewu wa West 7th munali jezi zobiriwira za North Dakota, zofiira za Wisconsin, za Maine, za masukulu omwe matimu awo sanafike n'komwe kuno. Ena ndi agogo oti chaka ndi chaka amatsata mpikisanowu kulikonse kumene wapita, kaya timu yawo ilipo kaya palibe. Zimenezi zimandikhudza. Kwathu sungavale jezi ya Wanderers n'kukakhala pakati pa ochemerera Bullets mtima uli m'malo, pomwe kuno anthu a jezi zosiyana amagawana tebulo, n'kumakambirana za magemu a zaka zamakedzana.

Ambiri ankati chikho n'cha Boston College. Lachinayi, mu semifainolo, anali atakwapula Michigan 4-0, ndipo kutsogolo kwawo kuli anyamata oopsa: Cutter Gauthier, Will Smith, Ryan Leonard, Gabe Perreault. Denver inadutsa movutikira, 2-1 pa Boston University m'nthawi yowonjezera, ndi chigoli cha Tristan Broz, mwana wa ku Bloomington konkuno yemwe poyamba ankasewerera timu yathu. N'chifukwa chake mtima wanga lero unapendekera ku Denver.

Chigawo choyamba cha mphindi 20 chinatha popanda chigoli. Galimoto ya Zamboni ikusalaza ayezi, magulu oimba a masukulu awiriwo ankapikisana ndi malipenga. M'chigawo chachiwiri Jared Wright wa Denver, mwana wa ku Burnsville, anamenya puck (kachimbale kamphira kolimba komwe amamenya ndi ndodo m'malo mwa mpira) n'kuwomba chitsulo cha golo, inabwerera, n'kugunda kumsana kwa goloboyi wa Boston College Jacob Fowler, n'kulowa. Pasanapite nthawi Zeev Buium anapatsira Rieger Lorenz, chachiwiri n'kulowa.

Koma chimene sindidzaiwala n'chigawo chachitatu. Boston College inabwera ndi ukali wonse. Wosewera mmodzi wa Denver atakhazikidwa pambali chifukwa cha chilango, puck inadutsa kutsogolo kwa golo n'kufika kwa Leonard, mbali imeneyo kuli pululu. Tonse tinaimirira, tikudziwa kuti chalowa. Goloboyi wa Denver Matt Davis, yemwe anali kumbali ina ya golo, anadziponya thupi lonse mopingasa n'kuitchinga. Bwalo lonse linangoti haa! Ataonetsanso pa sikirini yaikulu, bambo wina wa jezi ya Boston College pafupi nane anagwira kumutu, kenako n'kuyamba kuwomba m'manja. Munthu wovala zida zolemera chotere, ataima pa timipeni tiwiri pa ayezi, amapeza kuti mphamvu youluka motero?

Davis anatchinga ma shoti 35 usiku uno, 23 mwa iwo m'chigawo chomalizachi chokha, ndipo ndiye anasankhidwa kukhala wosewera wopambana pa mpikisanowu. Dzulo anthu ankakamba za Macklin Celebrini wa Boston University, yemwe analandira mphoto ya Hobey Baker, yopita kwa wosewera wopambana pa chaka m'mayunivesite, ndipo n'zomuyenera mnyamatayo. Ogoletsa ndiwo amatchuka. Koma ine ndikuti amene amanena kuti gemu ya zigoli ziwiri n'njosasangalatsa sanaonepo goloboyi akuteteza timu yake chonchi, mphindi iliyonse mtima wako uli phaa, phaa.

Nthawi itatha anyamata a Denver anataya ndodo ndi magolovesi m'mwamba n'kukamuunjikira Davis. Kenako matimu onse awiri anandanda kugwirana chanza, monga mwa mwambo wa masewerawa, ena a Boston College misozi ili mbwembwembwe. Ndinawamvera chisoni kwambiri. Ndi ana asukulu, ambiri sanakwanitse ngakhale zaka 21. Ichi n'chikho cha 10 cha Denver, ndipo tsopano yapitirira Michigan yomwe ili ndi 9. Kwa mphunzitsi David Carle n'chachiwiri, choyamba chinali cha 2022.

Pobwerera sitima inali thothotho, aliyense akuonetsa mnzake pafoni mmene Davis anaulukira. Chaka chamawa mpikisanowu ukachitikira ku St. Louis, ndipo tisanatsike mnzanga anali atayamba kale kufufuza za matikiti.