Loweruka ku Le Mans

Mvula yatilandira mmawa pomwe timatsika sitima yochokera ku Paris. Achimwene, amene ntchito yawo ndi umakaniko, akhala akunena za ulendowu kuyambira kalekale, ndiye atangobwereka galimoto anati tisanapite kulikonse tikaone kaye msewu wa Mulsanne. Ine ndimaganiza kuti ndi malo otchingidwa ndi mpanda. Ayi ndithu, ndi msewu wa aliyense wolowera ku Tours, ndipo lero timatsatana ndi malole a katundu. Koma kuyambira 1923, mpikisano wa galimoto wa maola 24 ukafika, amautseka n'kuusandutsa mbali ya bwalo la mpikisanowo, lomwe masiku ano ndi la makilomita 13 ndi kanthu. Kale unali wowongoka pafupifupi makilomita 6 popanda kona. Mu 1988 galimoto ina inafika liwiro la makilomita 405 pa ola pomwepa, ndipo mu 1990 anaikapo makona awiri kuti anthu azichepetsako moto.

Masana talowa m'nyumba yosungiramo galimoto zakale pafupi ndi geti. Muli zambiri, koma ife tathera nthawi yonse pa Porsche 917 ya mchira wautali. Ndi yafupi modabwitsa, denga lake likungondifika m'chiuno.

Galimotoyi inabadwa chifukwa cha lamulo. Ford GT40 itayamba kupambana mu 1966, akuluakulu a mipikisano anachita mantha ndi liwiro, ndiye analamula kuti galimoto zopangidwira mpikisano basi zisapitirire injini ya malita 3. Koma anasiya kampata: ukapanga galimoto 25 zofanana, utha kuika injini ya malita 5. Iwo ankaganiza kuti palibe kampani ingataye ndalama chotero. Ferdinand Piëch wa ku Porsche anazitayadi. Mu Epulo 1969 anandandalika galimoto 25 pabwalo la fakitale kuti oyendera awerenge okha.

Achimwene anagwada pansi kusuzumira kunsi, mpaka mlonda anayamba kutiyang'ana. "Taona mphwanga," anatero, "injini ya masilinda 12 koma yopanda radiyeta ya madzi. Ikuzizira ndi mphepo basi." Kenako anandilozera pokhala dalaivala. Chasisi yake ndi timapaipi ta aluminiyamu tolemera makilogalamu 42 okha, ndipo ankatipopera mpweya kuti geji ikatsika adziwe kuti penapake pang'aluka. Kampira kogwira posintha magiya nkamtengo, pofuna kuchepetsa kulemera. Mapazi a dalaivala amakhala kutsogolo kwa mateyala akutsogolo, kutanthauza kuti ukawomba khoma, choyamba kufika ndi miyendo yako. Anthu amayamikira kukongola kwake, koma ine pamenepa ndinaona kuti opanga anawerengera galamu iliyonse kupatula munthu wokhala mkatimo.

Chaka choyambacho inali yosagwirika, inkayenda mopepesuka liwiro likakwera, ndipo madalaivala ena ankaikana. Pa Le Mans ya 1969, John Woolfe wa ku Britain anafa nayo asanamalize n'kuzungulira koyamba komwe. Nthawi imeneyo mpikisano unkayamba madalaivala akuthamanga wapansi kudutsa msewu kukalowa m'galimoto, ndipo ambiri ankanyamuka asanamange malamba. Jacky Ickx anakana zimenezo: anayenda pang'onopang'ono, n'kumanga malamba ake bwinobwino, n'kunyamuka womaliza. Mawa lake anapambana ndi GT40, kusiya Hans Herrmann ndi mamita pafupifupi 120 okha atayenda usana ndi usiku. Kuthamanga wapansi kuja kunathera chaka chomwecho.

Nkhani yomwe yandikoma kwambiri ndi ya mmene anachizira 917 ija. Akuiyesa ku Austria kumapeto kwa 1969, injiniya wina, John Horsman, anaona kuti tizilombo touluka tafera kutsogolo konse kwa galimoto koma kumchira kulibe. Anazindikira kuti mphepo sikugunda kumbuyoko, choncho palibe chopanikiza mateyala pansi. Anadula malata n'kukweza mchira pomwepo, galimoto n'kukhazikika. Achimwene aseka mpaka kugwira m'mimba, akuti umakaniko weniweni ndi umenewo, maso kaye, sipanala pambuyo.

Mu 1970 Herrmann yemwe uja, pamodzi ndi Richard Attwood, anapatsa Porsche chipambano chake choyamba pa Le Mans, mvula ikukhuthuka moti galimoto 7 zokha ndi zomwe zinawerengedwa kuti zamaliza. Herrmann anali atalonjeza akazi ake kuti akapambana asiya, ndipo anasiyadi. Mu 1971 Helmut Marko ndi Gijs van Lennep anayenda makilomita 5,335, mtunda womwe sunapitiriridwe mpaka 2010. Attwood yemweyo anali atapambanapo ndi 917 pa mpikisano wa maola 9 ku Kyalami mu 1969, kufupi ndi Johannesburg komwe achimwene anaphunzirira ntchito, ndiye lero amayankhula ngati galimotoyo ndi ya kwawo. Pofika 1972 kampata kaja anakatseka, 917 n'kusowa malo pa Le Mans.

Tatuluka atatsala pang'ono kutseka, njala itatipweteka. Mapazi akuwawa, ndipo achimwene akuti mawa tidzuke mbandakucha tikaone kona ya Arnage tisanabweze galimoto ya eni.